Lipoti la msonkhano wa ku Kitwe: solder wopanda mtovu

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku Kitwe ku msonkhano wa masiku awiri wa amisiri okonza mafoni, ma TV ndi mawailesi. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kale kwa a msungichuma. M'mawa wa tsiku loyamba kunali malonje ndi nkhani ya malayisensi, zomwe mukuzidziwa kale. Chomwe chinapindulitsa ndalama yanu ndi phunziro la masana, la solder (chitsulo chosungunula chomwe timawotcherera nacho zida pa bodi) wopanda mtovu.

Kuyambira pa 1 July 2006 lamulo la RoHS la ku Ulaya linaletsa mtovu wopitirira 0.1% m'zipangizo zambiri zamagetsi, ndipo mafakitale anasintha. Choncho pafupifupi foni iliyonse yofika pa tebulo pathu kuno ku Lusaka, ku Town Centre kapena ku Kamwala, inawotchereredwa popanda mtovu, pamene ife manja athu anazolowera waya wakale. Waya wakalewo, wa 63/37 (tini 63% ndi mtovu 37%), umasungunuka pa 183°C. Solder wa SAC305, womwe ndi tini 96.5%, siliva 3% ndi kopa 0.5%, amadikira 217 mpaka 220°C, ndipo wa tini ndi kopa 0.7% amafuna 227°C. Madigiri owonjezerawa ndiwo amatipsetsa mtima. Chip chikakana kunyamuka timakweza hot air (makina ouzira mpweya wotentha) mopitirira muyeso, kenako timanyanyula ndi tweezer solder asanasungunuke yense. Anatiikira bodi yotere pa microscope: mapadi atazuka, tinjira ta kopa tikulendewera ngati ulusi. Pambali pake panali chip chotupa pamsana chifukwa chinyontho chamkati chinasanduka nthunzi mwadzidzidzi. Mankhwala ake ndi kuyamba mwatenthetsa bodi yonse kuchokera pansi, pang'onopang'ono, kufika cha m'ma 150°C, kuika flux (mankhwala othandiza solder kugwira) wokwanira, kenako hot air ingomalizitsa.

Apa ndilankhule mosabisa. Preheater ija, yotenthetsera bodi kuchokera pansi, tinaisonkhera nthawi ya mvula, ndalama ilipo, koma nkhaniyi yakankhidwa katatu. Mabodi omwe tawononga kuchokera nthawi imeneyo akanaigula kale. Sindikuloza munthu chala, koma komiti itiuze tsiku.

Mfundo yowotcherera ndi solder wopanda mtovu siwala ngati ya wakale, imaoneka yambuu ngakhale itagwira bwino. Musaibwerezebwereze kuti iwale, chifukwa mukatenthetsanso, kamuyalo kolimba pakati pa solder ndi kopa kamakhuthala, ndipo mpomwe pamasweka foni ikagwa. Ayironi ikhale cha m'ma 350°C. Tini wochuluka amadya chitsulo chokutira nsonga ya ayironi, ndiye muzisiya kadontho ka solder pansongapo musanaiike pansi.

Chinandikhudza kwambiri ndi phala la 138 lomwe ambirife timalikonda poti limasungunuka msanga, pa 138°C. Limeneli ndi tini 42% ndi bismuth 58%. Ndi losachedwa kusweka, ndiye pa charging port, pomwe kasitomala amalowetsa ndi kuzula chingwe tsiku lonse, silikhalitsa. Choopsa china n'chakuti bismuth akasakanikirana ndi mtovu, gawo lina la mfundoyo limatha kusungunuka pa 96°C chabe. Ntchito ya phalali ndi kuthandiza kuchotsa chip, kenako lipukutidwe lonse ndi wick (kalamba ka kopa komwera solder) musanaike solder weniweni. Mafoni obwerera amatinyozetsa tonse pamsika, ngakhale wolakwitsa ali mmodzi.

Anakambanso za tindevu ta tini tomwe timamera patokha n'kugunditsa miyendo ya chip, ngati zomwe akatswiri amati zinapha setilaiti ya Galaxy IV mu 1998. Kwa ife si nkhani ya tsiku ndi tsiku. Gawo la ogulitsa zida linali malonda basi.

Tsiku lachiwiri linali la thanzi ndi chilengedwe. Utsi umene timapuma si mtovu, poti mtovu umawira pa 1749°C. Utsiwo ndi wa flux, ndipo flux wa rosin amayambitsa chifuwa cha mphumu. Mtovu umalowa kudzera m'manja, munthu akagwira waya kenako n'kudyera chitumbuwa kapena nsima pa tebulo pomwepo. Amene akuona ngati n'zazing'ono akumbuke Kabwe. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomboni a Kasanda ndi Makululu likadali ndi mtovu, ndipo bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi a mwana womwe ndi wosavulaza. Nanga zotsalira zathu zimapita kuti? Timasesera m'ngalande, zina zimakathera kudzala ku Chunga. Komabe wopanda mtovuyo sanayere kotheratu. Migodi ya tini yawononga nthaka ndi nyanja ku Bangka m'dziko la Indonesia, siliva naye ngokumba, ndipo kutentha kokwera kumadya magetsi ambiri, zomwe timazimva pa inveta magetsi akazima.

Msonkhano unagwirizana kuti amisiri onse asiyiretu waya wa mtovu. Pa mafoni ndi malaputopu ndikugwirizana nazo. Koma ma amplifier ndi ma TV akale omwe amabwera kuchokera ku Matero ndi Chawama anawotchereredwa ndi mtovu, ndipo mabodi ake otchipa amafundula tinjira mukawapatsa moto wa solder watsopano. Amenewo akonzedwe ndi 63/37. Ndinanena zimenezi pamsonkhanopo ndipo sindinasinthe maganizo.

Pempho langa n'lakuti tebulo lililonse likhale ndi mawaya awiri olembedwa bwino, uliwonse ndi nsonga yakeyake, ndi chitini chotseka choponyamo wick wakutha ndi zotsalira za solder. A mlembi alembere ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, kufunsa amene ali ndi chilolezo chotolera zinyalala zoterezi. Loweruka aliyense abwere ndi waya ndi phala lomwe akugwiritsa ntchito, tidzawerengere limodzi zolembedwa pa chizindikiro chake.