Musatiuze kuti tiziyenda anthu akachepa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale anga a ku Malawi, Zambia ndi kwina amene tili kuno ku London ndipo timawerenga nkhani zanu. Ambiri a ife timadzuka m'bandakucha kukakwera sitima za pansi panthaka, zimene eni dziko amangoti Tube. Ine ndimayenda panjinga ya anthu aulumali, ndipo ntchito yanga ya mu ofesi imayamba 9 koloko ngati ya wina aliyense. Sitima imene imadzaza ndi inuyo m'mawa ndi yomweyo imene ndiyenera kukwera ine.

Mawu amene ndawamva kambirimbiri, nthawi zambiri kuchokera kwa anthu amtima wabwino, ndi akuti, "Achemwali, bwanji osadikira kaye anthu achepeko?" Amanena mondimvera chisoni, ndipo sindiwasungira kukhosi. Koma taganizani zimene mawuwo akupempha. Anthu amayamba kuchepa cha m'ma 10 koloko. Abwana sadikira mpaka 10 koloko, adokotala amene akupatsa nthawi ya 9 sadikira, aphunzitsi a ku koleji nawonso sadikira. Kuuza woyenda panjinga kuti aziyenda anthu akachepa n'kumuuza kuti asiye ntchito, kapena avomere ya maola ochepa ndi malipiro ochepa. Ine zimenezo ndikuzikana.

Vuto limayambira pamwamba, munthu asanaione n'komwe sitimayo. Njanji yoyamba ya pansi pa London inatsegulidwa mu 1863, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, ndipo njanji zakuya monga Central, Bakerloo ndi Piccadilly zinayamba kuyenda pakati pa 1900 ndi 1906. Omanga a nthawi imeneyo sankamuwerengera munthu wa panjinga. Lero masiteshoni alipo 272, koma amene munthu angatsike kuchoka mumsewu mpaka pamene sitima imaima osakumana ndi masitepe angopitirira pang'ono 90, kutanthauza imodzi pa atatu aliwonse. Oxford Circus, Piccadilly Circus ndi Leicester Square, pakatikati penipeni pa mzinda, sali m'gulu limeneli. Ku Covent Garden kuli zikepe zikuluzikulu, koma ukatuluka m'chikepe pansipo pamatsalabe masitepe angapo kuti ufike ku sitima, ndiye kwa ife sizithandiza kanthu.

Tengani munthu wochokera ku Brixton amene akugwira ntchito pafupi ndi Oxford Circus. Woyenda ndi miyendo akwera sitima ya Victoria, atsika pamalo pake, watha. Wa panjinga ayenera kutsikira ku Green Park, kulondola makonde aatali ndi zikepe zingapo kuti apeze sitima ya Jubilee, kutsikira ku Bond Street, kenako kupalasa mumsewu wa Oxford Street pakati pa khamu la ogula. Chikepe chimodzi chokha panjirapo chikafa, ulendo wonse wasokonekera.

Ndiye pali nkhani ya mpata wa pakati pa sitima ndi pulatifomu. Pamapu a Tube pali zizindikiro ziwiri za njinga. Cha buluu chimasonyeza kuti munthu atha kuchoka mumsewu mpaka kulowa m'sitima payekha. Choyera chimasonyeza kuti adzafika papulatifomu, koma kuti alowe m'sitima angafunike wogwira ntchito abwere ndi chitsulo chokwererapo chimene amachiyala pakhomo. Zitsulo zimenezi zinayamba kugwiritsidwa ntchito pa Tube mu 2012, nthawi ya masewera a Olympic. Wogwira ntchito akakukweza amaimbira mnzake wa kumene ukukatsika kuti akakuchingamire pakhomo lomwelo. Uthengawo ukapanda kufika, umakhala m'sitima n'kumaona siteshoni yako ikudutsa. Mu August 2024 Baroness Tanni Grey-Thompson, mayi amene anapata mendulo zagolide 11 pa masewera a anthu aulumali a Paralympic ndipo ndi membala wa nyumba ya malamulo ya House of Lords, anachita kukwawa potsika sitima ya pamtunda ku King's Cross chifukwa panalibe womubweretsera chitsulocho. Ngati zimenezi zingachitikire munthu wodziwika dziko lonse, mtsikana wa ku koleji amene amachita manyazi kukuwa angamuchitikire zotani?

Sindikufuna kubisa zabwino zimene zachitika. Njanji ya DLR, ya kum'mawa kwa London, inamangidwa yopanda masitepe otsekereza kuyambira pomwe inatsegulidwa mu 1987. Masiteshoni a Jubilee amene anawonjezeredwa mu 1999, kuchokera ku Westminster kukafika ku Stratford, onse ali ndi zikepe. Green Park inakonzedwa mu 2011, Tottenham Court Road ndi Bond Street mu 2017, siteshoni ya Victoria mu 2018. Njanji ya Elizabeth, imene inatsegulidwa mu 2022, masiteshoni ake onse 41 munthu amafika papulatifomu popanda masitepe, ndipo pakati pa mzinda njinga imangolowa m'sitima mosavuta. Tsiku loyamba kukwera sitima imeneyo osaitana aliyense ndinamva bwino mumtima moti sindingathe kufotokoza. Kuboola chikepe m'siteshoni yakale, pansi pa nyumba ndi mapaipi a mzinda, kumadya ndalama zankhaninkhani ndiponso zaka, ndipo zimenezo ndikuzimvetsa. London si yokhayo. Ku Paris, pa sitima za pansi panthaka, njanji ya nambala 14 ndiyo yokha imene wa panjinga angayende nayo yonse, ndipo ku New York akuluakulu a sitima anavomera mu 2022, atawasumira, kuti akonza masiteshoni 95 pa 100 aliwonse pofika 2055.

Koma chimene chandikhalitsa pansi kulemba kalatayi n'chakuti ngakhale pamene ndalama zonsezo zinalowa kale, chikepe chilipo ndipo chikuyenda, m'mawa njinga imakanikabe kulowa. Otsekereza njira nthawi imeneyo ndi ife okwera anzake.

Ndikufotokozereni mmene zimakhalira. Pa njanji ya Victoria mapulatifomu anawakweza pamalo amodzi kuti afanane ndi pansi pa sitima. Malo okwezedwawo anawaika moyang'anana ndi mabogi amene ali ndi malo a njinga. Inu sitima ikadzaza mumathamangira kumapeto kwa pulatifomu kukafuna bogi yopepukirapo. Ine sindingatero, chifukwa kulikonse kupatula pamalo okwezedwawo pali sitepe imene mawilo anga aang'ono akutsogolo sangakwere. Ndimaima pamenepo, sitima n'kufika. Nthawi imeneyi sitima za Victoria zimabwera motsatizana pafupifupi masekondi 100 alionse, ndiye zitseko sizikhalitsa zili zotsegula. Otsika asanathe n'komwe, a kumbuyo kwanga andizungulira mbali zonse ziwiri n'kudzaza pakhomo. Ndikayang'ana mkati ndimaona chizindikiro cha njinga pakhoma, pansi pake pataima anthu anayi ndi sutikesi, wina atakhala pa kampando kopinda kamene kanayenera kupindidwa. Maso onse ali pafoni. Zitseko zalira, zatsekeka. Yotsatira imabwera mwachangu ndithu, koma nayonso zimakhala zomwezo.

Ukalowa, nkhope yako imakhala pa msinkhu wa malamba ndi zikwama za anthu. Wobereka chikwama kumsana akatembenuka chimakumenya kumaso iye osadziwa. Wina amatsamira njinga yako, wina amagwira zogwirira zake m'malo mwa chitsulo cha sitima, ndipo sitima ikagwedezeka iwe umagwedezeka naye limodzi. Njinga imeneyi kwa ine ndi miyendo yanga, ndipo palibe amene amatsamira miyendo ya mlendo.

Pachikepe mpamene mtima umandipweteka kwambiri. M'masiteshoni ambiri chikepe n'chaching'ono, cholowa njinga imodzi ndi anthu ochepa. Pambali pake pali masitepe oyenda okha, otakata, osaima. Komabe sitima ikangotula anthu, amene ali ndi liwiro ndiwo amayamba kufika pachikepe. Ndikudziwa kuti si ulumali wonse umaoneka ndi maso. Pali a mtima, a mphumu, amayi oyembekezera, ena a mawondo, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Transport for London, loyendetsa sitima ndi mabasi a mumzindawu, linatulutsa mabaji a buluu mu 2017 oti anthu otere azipatsidwa mpando. Amenewo sindikuwanena, ndipo sindifunsa munthu matenda ake. Ndikunena amene mukudziwa nokha mumtima kuti masitepe oyenda okhawo mungakwere bwinobwino. Inu muli ndi njira ziwiri kapena zitatu zotulukira m'siteshoni. Ine ndili nayo imodzi yokha.

Ena amati malo a njinga ndi a amene wayamba kufika. Nkhani imeneyi inafika kale kukhoti. Mu 2012 bambo Doug Paulley analephera kukwera basi yochokera ku Wetherby kupita ku Leeds chifukwa pamalo a njinga panali kangolo ka mwana ndipo mayi wake anakana kusuntha. Mlanduwo unakwera mpaka ku khoti lalikulu la Supreme Court, ndipo mu January 2017 oweruza anagamula kuti sikokwanira kuti dalaivala angopempha kamodzi n'kusiya. Ayenera kuchita zambiri kuti malowo apezeke. Chigamulocho chinali cha mabasi, pansi pa lamulo la Equality Act la 2010. M'sitima ya pansi dalaivala ali kutsogolo kutali, sakuona zimene zikuchitika m'bogi yachisanu, ndiye pamatsala okwerawo basi kuti achite choyenera.

Apa ndipamene ndikutembenukira kwa inu abale anga. Ambiri mwa ife kuno timagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Mumakankha njinga tsiku lonse, mumadziwa kulemera kwake, mumadziwa malo amene imafuna kuti itembenuke, mumadziwa mmene kasitepe kakang'ono kamaimitsira munthu wamkulu. M'sitima imeneyo mwina palibe wodziwa zimenezi kuposa inu. Ndikudziwanso kuti mumatuluka ntchito ya usiku miyendo itatupa, ndipo kampando kopinda kaja kamaoneka ngati mpumulo wokhawo. Komabe ndikukupemphani. Chimene ndaona n'chakuti khamu limadikira munthu mmodzi woyamba. Tsiku lina mayi wina wachikulire, atavala yunifolomu ya ntchito pansi pa jekete, anangoponda pakhomo, n'kutambasula dzanja, n'kunena mokweza koma mwaulemu kuti pali njinga ikulowa. Anyamata awiri anatsika kaye papulatifomu, sutikesi inasunthidwa, kampando kanapindidwa, ine n'kulowa, anyamatawo n'kukweranso. Palibe amene anatsala, ndipo sitima sinachedwe.

Thandizo lake ndi limenelo: kutsegula njira ndi kulankhula. Chonde musagwire njinga ya munthu n'kuyamba kukankha musanamufunse. Mawilo aang'ono akakodwa mumpata wa pakhomo munthu amagwa chafufumimba, ndipo zala zake zimakhala pamawilo aakulu pamene inu mukukankha. Funsani kaye kuti, "Ndikuthandizeni bwanji?" Akati ayi, muvomereni. Komanso lankhulani ndi iyeyo mwini, osati ndi amene wamuperekeza.

Kwa a Transport for London ndili ndi mapempho awiri. Nthawi yopita kuntchito ndi yoweruka, pamasiteshoni otanganidwa paziima wogwira ntchito pakhomo la njinga, monga amaimira kale ena papulatifomu kuuza anthu kuti asunthire mkati. Ndipo chikepe chizikhala chotseka pokhapokha chawonongeka, osati chifukwa chakuti pasiteshoni pachepa antchito, monga zidziwitso zawo zomwe zimanenera nthawi zina. Chikepe chodula chimene chatsekedwa chifukwa chosowa munthu mmodzi n'kuwononga ndalama za anthu.

Kwa anzanga oyenda panjinga amene mwangofika kumene kuno, kapena makolo a ana otere, dziwani izi. Pa Tube simufunika kuneneratu dzulo lake kuti mudzafuna thandizo, mumangofika n'kuuza wogwira ntchito pageti. Chikepe chikafa ndipo palibe njira ina yoyenera, malamulo a Transport for London omwewo amati akuitanireni takisi ndipo alipire okha, koma nthawi zambiri muyenera kuchita kufunsa. Mabasi onse a mu London ali ndi chokwererapo ndipo wa panjinga salipira. Bungwe la Transport for All, limene limayendetsedwa ndi anthu aulumali eni ake, limathandiza pokonza ulendo ndi polemba madandaulo. Dandaulo lililonse lilembeni, ndi tsiku lake, nthawi yake ndi siteshoni yake, chifukwa pokonza bajeti amawerenga zolembedwa.

Ndipo inu nonse, mawa mukaima papulatifomu yang'anani pansi ndi pakhoma. Mukaona kuti mwaima pamalo okwezedwa, pali chizindikiro cha njinga, sunthirani kukhomo lina. Sitima ya Victoria ili ndi mabogi 8, ndipo makomo ake onse ndi anu.

Ine wanu,
Wowerenga wanu wa ku South London