Buku limene ndikulemba likundilanda ana anga ndi mabuku omwe

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 38, ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu, woyamba wa zaka 12, wachiwiri wa zaka 7 ndi chitsirizira wa zaka 3. Masana ndimagwira ntchito yolembedwa, koma kwa zaka zinayi tsopano ndakhala ndikulemba nkhani yaitali yopeka imene ndikulakalaka kuti idzasindikizidwe ngati buku. Ndakulemberani chifukwa banja langa, kulemba ndi kuwerenga, zinthu zitatu zimene ndimazikonda ndi mtima wonse, zayamba kulimbirana maola ochepa omwewo, ndipo ine ndasowa pogwira.

Poyamba ndinkaona ngati nkhaniyi ndi ya masamu chabe. Ndinkafuna buku la mawu 80,000, ndipo ndinawerengera kuti ndikamalemba mawu 500 patsiku ndidzamaliza m'masiku 160, miyezi isanu ndi umodzi isanakwane. Ndinayamba kudzuka 4 koloko mbandakucha n'kulemba mpaka ana atadzuka. Masamu ajawo sanawerengereko mwana wotentha thupi usiku wonse, kutopa kwa ntchito, ngakhalenso mutu wachitatu umene ndaulemba mobwereza kasanu ndi kamodzi chifukwa sunkandigwira mtima. Lero ndili pa mutu 14 mwa mitu 22.

Kuchedwako ndikanakupirira. Chimene chikundisautsa n'chakuti ndikatseka kompyuta, nkhaniyo sitsekeka nayo, imanditsatira kulikonse. Ampangankhani anga amapitiriza kukangana m'mutu mwanga pamene ndikusambitsa wamng'ono, pamene ndikuchapa, ngakhale pamene amuna anga akundifotokozera za tsiku lawo. Mwezi watha mwana wanga wachiwiri anabwera ndi kope lake kudzandionetsa chithunzi chimene anajambula kusukulu. Ndinaliyang'ana, ndinati "n'chokongola kwambiri", ndipo ndinabwerera kukalemba pakapepala chiganizo chimene chinali chitangondifikira, kuopa kuti chingandithawe. Mwanayo anaimabe pomwepo, kenako anandifunsa mwakachetechete kuti, "Amayi, ndajambula chiyani?" Sindinathe kuyankha. Anatseka kope lake bwinobwino, osalira, n'kupita kuchipinda. Usiku umenewo ndinalitsegula ali m'tulo: anali atajambula ine nditakhala patebulo, nsana ndiwo ukuoneka, nkhope ayi.

Kuwerenga nako kwavutikira pomwepo, ndipotu ndi kumene kunandibala ngati mlembi. Ndisanayambe bukuli ndinkamaliza mabuku awiri pamwezi. Tsopano pali buku kumutu kwa bedi langa limene kapepala kosungira malo kakhala patsamba 63 kuyambira mu Malichi, chifukwa ndikangowerenga ndime ziwiri maso amalemera. Ena angati zimenezo n'zazing'ono, popeza mabuku sathawa. Ine ndikuona zotsatira zake pazolemba zanga zomwe: ziganizo zanga zayamba kufanana kutalika ngati zodulidwa ndi mpeni umodzi, ndipo ampangankhani onse, nkhalamba ndi mwana yemwe, akuyankhula ngati ine. Mlembi wosawerenga ali ngati woimba amene wasiya kumvera anzake, amangobwereza nyimbo imodzi osazindikira. Choipa china n'chakuti ndikapeza mpata wowerenga, sindisangalala monga kale, chifukwa ndimangofufuza mmene mlembi walumikizira mitu yake ndi mmene wabisira chinsinsi cha nkhani, ndipo mtima umandiimba mlandu kuti ola limeneli ndikanalemba mawu anga 500 aja.

Sindikufuna kuti muganize kuti amuna anga ndi munthu wovuta. Nyale imene ndimalembera m'mawa anandigulira ndi iwo, ndipo Loweruka lambiri amatuluka ndi ana kuti ndikhale ndekha kwa maola awiri kapena atatu. Komabe posachedwapa anandifunsa, mosapsa mtima konse, kuti, "Kodi bukuli lidzatha ana adakali pakhomo pano?" Funsolo linandilasa kuposa mmene kukalipa kukanandilasira. Pali kanthu kenanso kamene kalowa pakati pathu. Anawerenga mutu 9, mmene muli mwamuna amene amathawa mikangano pokhala chete, ndipo anandifunsa ngati ndimanena iwo. Ndinakana, koma kunena zoona mwamuna ameneyo ndinamupatsa kakhalidwe kawo kena, monga momwe ndinapatsira mkazi wake zofooka zanga zambiri. Chiyambire tsikulo sanapemphenso kuwerenga mutu wina, ndipo ndimaona kuti akamayankhula nane amasankha mawu, ngati munthu amene akuopa kuti adzawapeza m'buku.

Ndayesapo njira zingapo. Ndinasiyiratu kulemba kwa miyezi iwiri, koma ndinasanduka munthu wokwiyakwiya moti mwana wanga woyamba anachita kundiuza kuti, "Amayi, bwererani kubuku lanu." Ndinayesa mabuku omvetsera pafoni pogwira ntchito zapakhomo, koma maganizo ankathawira kunkhani yanga. Kuwerengera ana asanagone ndimachita ndipo ndimakukonda, ngakhale kuti sikuthetsa ludzu langa la mabuku a akuluakulu.

Mnzanga wina anandilangiza kuti ndidikire ana akule, ndidzalembe nditapuma pantchito. Sindikugwirizana nazo, chifukwa wamng'onoyu adzafika zaka 18 ine ndili ndi zaka 53, ndipo ndikudziwa kuti nkhani imene ili yamoyo mwa ine lero idzakhala itazizira kalekale. Koma sindikufunanso kuti ana anga adzandikumbukire ndi nsana wokha.

Choncho ndikupempha nzeru zanu pazinthu izi. Kodi pali njira yoti munthu atsekere nkhani m'kabati akadzuka patebulo, kuti akakhala ndi ana ake akhale nawo ndi mutu womwe? Kodi ndingachite bwino kuchotsako masiku awiri pamlungu pa nthawi yolemba n'kuwapereka kukuwerenga, ngakhale bukuli lichedwe ndi chaka china, kapena kumeneko n'kudzinamiza kwa munthu amene akuopa kumaliza? Ndipo chachikulu, ndiyambire pati kukambirana ndi amuna anga za mutu 9 uja? Ndikhoza kuusintha kuti mwamunayo asafanane nawo, koma ndi mutu umene ndikuona kuti ndinaulemba bwino koposa yonse, ndipo ndikuopa kuti ndikaufewetsa pofuna mtendere, buku lonse lidzachepa mphamvu. Ndikuopanso kuti ndikausiya momwemo, adzauwerenga abale ndi anzathu amene amawadziwa amuna anga, ndipo adzawazindikira.

Ndine wanu,
Mayi wa pa mutu 14