Mwana akasiya kuyankhula pambuyo pa opaleshoni ya chotupa cha mu ubongo

Akonzi,

Ndithandizeni kufikitsa nkhaniyi kwa makolo anzanga. Mwana akachotsedwa chotupa chakunkhongo, ku mbali yakumbuyo ya ubongo yotchedwa cerebellum, makamaka chotupa cha khansa yotchedwa medulloblastoma, amatha kutsitsimuka akuyankhula bwinobwino kenako pakatha tsiku limodzi kapena awiri basi zii, mawu osatuluka, kumangolira ndi kukwiya. Zimagwera pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 4 aliwonse a chotupa chimenechi. Sikulodzedwa ayi! Sikani yojambula ubongo imaonetsa kuti magazi amachepa kuyenda kutsogolo kwa ubongo, komwe mpeni sunafikeko nkomwe, chifukwa mitsempha yolumikiza mbali ziwirizi yakhudzidwa. Mawu amabwerera pakapita masabata kapena miyezi koma ena amatsala akukoka lilime, nde madokotala chonde muziwauziratu makolo opaleshoni isanachitike, nanunso a boma tiphunzitsireni akatswiri ambiri othandiza ana kuyankhula.

Mayi wokhudzidwa,
Zomba