Kalata yochokera ku Mangochi: za chambo, kambuzi ndi nkhono

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu yafika, ndipo ndakondwa kumva kuti mubwera ndi ana mu Disembala. Koma pempho lanu lakuti ndikusungireni chambo chodzaza mbale likuonetsa kuti mwakhalitsa ku Johannesburg, moti mwaiwala kuti Novembala ndi Disembala ndi miyezi imene makoka amaletsedwa pa nyanja ya Malawi kuti nsomba ziswane. Ngakhale mukanabwera mwezi wina, amalume anu akanakuuzani kuti chambo chimene mukuchikumbukira sichioneka kawirikawiri padooko masiku ano.

Mwandifunsa kuti chinapita kuti. Zimene zinachitika ku nyanja ya Malombe ndizo zimayankha bwino funso limeneli. M'chaka cha 1982 asodzi a kumeneko anapha chambo choposa matani 8,000, koma pofika 1992 sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Chambo chimatenga zaka pafupifupi zitatu kuti chiyambe kuswana. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga, ndipo chachikazi chimafungatira mazira ndi ana m'kamwa mwake, kotero khoka likakokolola pansi limafafaniza zisa, limazula zomera zimene kasawala, ana a chambo, amabisalamo, ndipo likagwira mayi mmodzi latha ndi ana onse amene anali m'kamwamo. Kambuzi ndi wosiyana: amakhwima msanga akadali wamng'ono, ndiye pamene chambo chinkatha iye ndi amene anatsala wochuluka. Asodzi atatembenukira kwa iye ndi nkacha, makoka a maso ang'onoang'ono, anayamba kukokera limodzi ana a chambo amene akanabwezeretsa mtundu wawo. Makomiti a m'madooko oyang'anira usodzi anayamba m'chaka cha 1993, koma chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale mpaka lero.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ganizo lanu lokasambitsa ana ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear. Kale anthu ankati likodzo ndi la m'madambo ndi m'mabango, ndipo madzi oyera a pamchenga ku Cape Maclear ankaonedwa ngati opanda vuto. Tsopano sizili choncho. Pali nsomba imene akatswiri amaitcha Trematocranus placodon, yomwe ili ndi mano olimba kukhosi oswera zigoba za nkhono. Jay Stauffer, katswiri wa ku yunivesite ya Penn State, ndi anzake anapeza kuti nsomba imeneyi itachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka, nkhono za mtundu wa Bulinus nyassanus, zimene zimakhala pamchenga, zinachulukana, ndipo likodzo linakula pakati pa ana a m'midzi ya kumeneko. Kachirombo ka likodzo kamachoka mwa munthu kudzera mumkodzo, kamakulira mu nkhono, kenaka kamatuluka n'kuboola khungu la wosamba. Choncho msodzi amene anakoka khoka kuti ana ake adye ndiwo anachotsa, mosadziwa, mlonda amene ankateteza ana omwewo. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa sindingamuweruze munthu amene alibe china chodyetsera banja lake, komanso sindingakhale chete pamene mwana wa alamu anu anakodza magazi chaka chatha mpaka kukalandira mankhwala a praziquantel.

Mayi anu akuti ndikukokomeza, popeza inu ndi ine tinakulira m'madzi omwewo ndipo tili moyo. Ndawayankha kuti pa nthawi imene tinkasambira nsomba zodya nkhono zinali zambiri. Sanandimvetse, ndipo atembenuzira nkhani ku usipa, umene akudandaula kuti wakwera mtengo ndiponso kuti ogulitsa akuchepetsa milu. Pamenepanso ndili ndi dandaulo langa: ndaona anyamata akukoka tiana ta nsomba ndi masikito amene anaperekedwa kuti atiteteze ku malungo, ndipo tinsomba timeneto sitidzaza ngakhale chikhatho.

Sikuti zonse zatayika. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo lomwe. Mbuna, tinsomba ta mitundu yowala, nazonso zikadalipo m'miyala ya paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo ana anu akadzaziona adzadabwa kuti chilumba chilichonse chili ndi za mawanga akeake, chifukwa nsombazi zimamatirira pamiyala pamene zimadya ndere ndipo siziwoloka mchenga wautali kukaswana ndi zinzake. Mukhoza kuwaonetsa ali m'bwato, osawalola kulowa m'madzi a m'mphepete mwa mudzi. Ngati akakamira kusambira, mudzapite nawo kuchipatala pakadutsa miyezi iwiri, ngakhale asakumva kupweteka kulikonse.

Ndimafuna ndikufotokozereninso za mpasa, umene umakwera mtsinje wa Bua kukaswana, ndi mmene matope ochokera m'minda akukwirira miyala imene umaikirapo mazira, koma pepala landithera, ndipo amene apite ndi kalatayi wayima kale pakhomo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Mangochi