Lipoti la msonkhano wokambirana za umoyo wa ophunzira ochokera kumayiko ena

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kuti ndikakuyimirireni pa msonkhano wa mabungwe a ophunzira akunja, umene unakambirana za m'mene timakhalira pa yunivesite tikatuluka m'kalasi. Nkhani za ma visa ndi fizi zinalipo, ndipo ndazipereka padera kwa a mlembi. Pano ndikhazikika pa nkhani imene inadya nthawi yambiri, ya kusungulumwa, chifukwa ndikuona kuti ikukhudza m'mene bungwe lathu limagwiritsira ntchito ndalama ndi mphamvu zake.

Amene anatsegulira zokambirana anayamba ndi chiwerengero cha UNESCO. M'chaka cha 2000 ophunzira amene ankaphunzira kunja kwa dziko lawo anali pafupifupi 2 miliyoni, ndipo pofika 2021 anali atapitirira 6 miliyoni. Tachulukadi, koma vuto lakalekale lidakalipo. Anatikumbutsa za Harry Edmonds, yemwe mu 1909 anapatsa moni wophunzira wina wa ku China pa masitepe a laibulale ya Columbia University ku New York. Mnyamatayo anamuuza kuti pa masabata atatu amene anakhala mumzindawo panalibe amene anamulankhulapo. Moni umenewo ndi umene unadzabala International House, nyumba yogonamo ophunzira a mayiko osiyanasiyana, imene inatsegulidwa mu 1924 ndi ndalama za John D. Rockefeller Jr. Ndiyeno mu 2008 kunatuluka kafukufuku wa ku Australia, kumene anacheza ndi ophunzira akunja 200, ndipo awiri mwa atatu alionse anati anavutikapo ndi kusungulumwa, makamaka miyezi yoyambirira.

Nthumwi ina inafotokoza za mtsikana wa mu hositelo yawo amene ankaima pakhomo la chipinda chake n'kumamvetsera kaye ngati kukhitchini kuli anthu. Kukakhala zii ndi pamene ankathamangirako, kuphika mofulumira, n'kubwerera kukadyera pabedi, foni ataitsamiritsa pa mabuku kuti azionana ndi amayi ake. Palibe amene ankamuda mtsikanayo. Anzake ankamupatsa moni tsiku lililonse, koma moni wake woponya akuyenda, osaima n'komwe kuti amve yankho. Pamene nkhaniyi inkanenedwa anthu ambiri m'chipindamo ankagwedeza mitu, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga mukuganiza za munthu amene mukumudziwa.

Tinakambirana kwambiri za sabata yolandira ophunzira atsopano. Mayunivesite ambiri amaunjika zisangalalo zonse m'sabata imeneyi, pamene munthu adakali wotopa ndi ulendo, akuthamangira kotsegula akaunti ya kubanki ndi kofuna malo ogona. Amene visa yake inachedwa amafika zonse zitatha, anzake atagwirana kale m'timagulu. Ena anatchula Sverre Lysgaard, amene mu 1955 anafufuza za anthu a ku Norway amene anakaphunzira ku United States, n'kupeza kuti amene anakhalako miyezi 6 mpaka 18 ndiwo ankavutika kuposa ongofika kumene kapena okhalitsa. Ena anatsutsa kuti ayi, masiku owawa ndi oyambirira enieniwo. Sitinagwirizane chimodzi. Ine ndikuona kuti kaya alondola ndi ati, sabata imodzi ya maphwando siingakwane.

Mkangano unakula pa nkhani yoti ife akunja timakonda kukhala tokhatokha, a dziko limodzi patebulo lawo. Ena ankanena ngati ndi mlandu. Ine ndinaima n'kukana. Munthu amene wakhala tsiku lonse akuganiza ndi kulemba m'chiyankhulo cha eni ake amafuna poti apumulire lilime, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Stephen Bochner ndi anzake analemba mu 1977 kuti wophunzira wakunja amakhala ndi magulu atatu a abwenzi: a kwawo, eni dziko, ndi akunja anzake ochokera kumayiko ena. Gulu lililonse lili ndi ntchito yake. Chimene ndinavomereza n'chakuti bungwe ngati lathu limalimbitsa gulu loyamba ndi lachitatu, koma la eni dziko talitaya. Pomwe iwowo ndi amene amadziwa kuti mphunzitsi uyu ukhoza kum'gogodera ku ofesi popanda mantha, kuti ntchito za pa kampasi zimalengezedwa pati, ndi kuti mwininyumba akakana kubweza dipoziti ukadandaule kuti.

Apa ndi pamene ndikufuna tiunikenso usiku wathu wa zikhalidwe. Ndimaukonda ndipo sindikunena kuti tiuthetse. Koma umatenga gawo lalikulu la thumba lathu, anthu amabwera, amaombera m'manja, amajambula zithunzi, m'mawa mwake tikakumana panjira sitidziwana mayina. Mabungwe amene anafotokoza zinthu zimene zikuwayendera bwino onse ankanena zofanana: kukumana pafupipafupi, anthu omwewo, pa ntchito imodzi. Timu ya mpira, kwaya, gulu lowerengera limodzi mayeso, kapena ntchito yongodzipereka Loweruka lililonse. Ubwenzi umayamba anthu akamaonana mobwerezabwereza mpaka manyazi atha okha.

Njira ina ndi yopatsa wophunzira watsopano mnzake womutsogolera, imene Erasmus Student Network, bungwe limene linayamba mu 1989 ku Ulaya, limagwiritsa ntchito kwambiri. Paja kuyenda awiri si mantha. Anatichenjeza kuti njirayi imafa ngati mungolumikiza anthu awiri pa imelo n'kuwasiya. Pamafunika wina wa komiti woti azifunsa ngati akumanadi, ndipo kulumikizako kuyambe watsopanoyo asananyamuke kwawo.

Pali zina zimene zimatsekera anthu kunja ife osazindikira. Zochitika zambiri zimakhala ku bala, choncho amene samwa chifukwa cha chipembedzo kapena kuperewera kwa ndalama amangokhala. Ambiri amagwiranso maganyu madzulo. Ku United Kingdom wophunzira wa digiri amaloledwa maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ku Australia maola 48 pa masabata awiri, ndipo amene akudzilipirira yekha lendi sangasiye shifiti kuti abwere kuphwando lathu. Nthawi ya tchuthi chachitali nayonso ndi yoopsa, eni dziko akapita kwawo hositelo n'kutsala ndi ife tokha, ofesi ya alangizi itatsekedwa.

Choncho pa msonkhano wathu ukubwerawu ndipempha kuti tivomereze zinthu izi. Tichepetse ndalama za usiku wa zikhalidwe, zotsalazo zipite ku chochitika chimodzi cha sabata ndi sabata chopanda mowa, masiku ake azisinthasintha kuti ogwira ntchito azipezako mpata. Tilembere bungwe lalikulu la ophunzira onse kuti litipatse eni dziko ofuna kukhala otsogolera anzawo. Tikonzenso mwambo wachiwiri wolandira amene anafika mochedwa. Pa nkhani ya tchuthi ndikufuna anthu awiri oti tigwire nawo ntchito yolemba mayina a amene adzatsale pa kampasi. Amene angathe auze a mlembi msonkhanowo usanachitike.