Mabwana asamanyoze antchito amene ali ndi ADHD

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za antchito amene ali ndi ADHD m'maofesi ndi m'masitolo a muno mu Chipata. Vutoli limayamba paubwana chifukwa cha mmene ubongo umagwirira ntchito, ndipo ambiri amakula nalo. Munthu wotere amavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali, ndipo malangizo apakamwa sachedwa kuwaiwala ngakhale ali wanzeru ndi wakhama. Zimandipweteka kuti mabwana ena amangomutcha waulesi n'kumamukalipira pamaso pa anzake, motero iye amabisa vuto lakelo poopa kuchotsedwa ntchito.

Udindo wokonza zimenezi uli m'manja mwa oyang'anira ntchito. Kulemba malangizo papepala kapena pa WhatsApp sikudya ndalama, chimodzimodzinso kugawa ntchito yaikulu m'zigawo zing'onozing'ono, koma chofunika koposa n'chakuti wantchito azitha kuuza bwana wake zomwe zikumuvuta mwamseri popanda kuopa chilango.

Lamulo la Employment Code la 2019 limaletsa tsankho pantchito, choncho ndikupempha ofesi ya zantchito m'chigawo cha Kum'mawa kuti iphunzitse olemba anthu ntchito za vutoli.

Wowerenga wanu,
Chipata