Amwene, za boerboel uja tiyeni tikambirane kaye

Amwene,

Voisi noti yanu ija ndamvera, ndaona kuti pa foni sitingamalize nde ndangoti ndilembe muwerenge bwinobwino mukaweruka. Kuno tonse tili bho, kutentha kokhaku ndi kumene kwatipanikiza. Alamu ndinakumana nawo kutchalitchi, ali bwino, ana akulanso mudzadabwa.

Za kagalu ka boerboel, mtundu wa agalu akuluakulu aja, mukufuna kugula ku Joni ko nkutumiza kunoko, maganizo anu ndawamva ndipo sindikunena kuti ndi olakwika ayi. Akuba ku Machinjiri alipodi, ndipo munthu ukakhala kutali mtima sukhala m'malo ukamaganiza kuti mkazi ndi ana akugona okha. Koma funso langa ndi ili, masana kagaluko kazitsala ndi ndani? Alamu amadzuka mbandakucha kuthamangira minibasi, masabata ena ali pa naiti akabwera amafuna agone, ana akaweruka amapitanso ku pati taimu, pakhomo pamangotsala geti yokhoma. Kamwana kagalu ka miyezi iwiri kamafunika kudya katatu kapena kanayi patsiku, kamakodza pafupipafupi, ndipo miyezi yoyambirirayo ndi imene kamaphunzira kuti wapakhomo ndi uti, mlendo ndi uti, mwana sitiluma, nkhuku za aneba sitithamangitsa. Nthawi imeneyo ikadutsa kali kokhakokha kuseri kwa nyumba, mudzapezeka muli ndi chigalu cha makilo 60 kapena kuposa chosamva munthu, choti alamu sangachigwire chikalusa, pakhomo pali ana ndi anzawo obwera kudzasewera. Ine chimenechi ndi chimene chikundiopsa kuposa ndalama.

Ndalamazonso zilipo zake. Boerboel wamkulu amadya pafupifupi kilo ya chakudya cha m'matumba chija patsiku, ndiye thumba la makilo 20 mwezi silimaliza bwinobwino. Inu kumeneko mumachiona chotchipa mu shopu chifukwa chimapangidwa konko, kuno chimachita kubwera pa thiraki, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zochokera kunja mitengo yake simungaikhulupirire. Ambirife timaphika tokha. Galu wanga Taiga ndimamuphikira nsima ya madeya kapena mgaiwa, kusakaniza bonya, masiku ena matumbo kaya mapapo a kubutchala, pang'ono masamba. Koma mphika umenewo umafuna munthu, umafuna makala, ndipo ndimauphika usiku nditafika kale wotopa, nkuusiya uzizire kuti m'mawa ndingogawa ndisanathamange. Galu wamkulu msanga ngati boerboel mukamamupatsa nsima yokhayokha ali wamng'ono miyendo imapindika, mafupa sakhwima bwino. Komanso ana muwauze, mafupa a nkhuku ophika ayi amabaya m'mimba, chokoleti ndi zotsala za anyezi wambiri ayinso.

Kenako za avetenale. Katemera woyamba amabaya ali ndi masabata 6 mpaka 8, nkumabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka afike cha m'ma 16, wa chiwewe amayamba pa miyezi itatu. Ulendo ulionse ndi ndalama, ndi tsiku lopempha kuntchito, ndi hayala chifukwa mu minibasi kondakitala sangakulole. Anthu ambiri amadumpha akatemerawa poti kagalu kakuoneka kathanzi, kenako matenda a parvo nkubwera. Aneba anga ena anagula kagalu kachizungu kokongola, tsiku lina kanangosiya kudya, mawa lake kusanza, kutsegula m'mimba zamagazi zonunkha moti unkamva uli panjira. Iwo anali kuntchito tsiku lonse, pofika madzulo kali kwala pansi pa thanki maso atalowa, anakathamangitsira ku diripi koma kanapita, ndalama ya diripi inapitanso. Kachilombo kameneka kamakhala m'dothi miyezi yambirimbiri, ndiye ngakhale ugule kena ukabweretsa pabwalo lomwelo usanabayitse nkhani imakhala yomweyo.

Nkhupakupa nazo sizitha, makamaka nthawi ya mvula udzu ukakula. Loweruka lililonse ndimakhala pakhonde ndi Taiga mutu wake uli pa bondo langa, kutembenuza makutu, kutsegula pakati pa zala, m'khosi pansi pa lamba, kuzichotsa imodziimodzi nkumaponya mu kachitini ka parafini. Ukazilekerera galu amayamba kufooka, nkhama kuyera, mkodzo kufiira, ndi matenda a nkhupakupa amenewo ndipo amapha msanga. Dibi kapena mapiritsi ake ndi ndalama ina, mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse inanso. Palinso mphutsi zija zolowa pakhungu akamagona pa dothi lonyowa, umaona katupa kokhala ndi kabowo, ukafinya nkutuluka. Zonsezi amaziona ndi munthu amene amamugwira galuyo tsiku ndi tsiku, wongomuponyera chakudya pa windo sangazione.

Za chiwewe zokha musazitenge mopepuka chonde. Bungwe loona zaumoyo la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa nacho chaka chilichonse padziko lonse, pafupifupi onse chochokera kwa agalu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse mwa iwo ndi ana. Zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala. Mwayi wathu ku Blantyre kuno ndi woti a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu ulere mu 2015, amaima m'masukulu a pulayimale kumapeto a sabata ena nkumayenda khomo ndi khomo, cholinga chawo ndi choti agalu 70 pa 100 aliwonse akhale obayidwa. Umaona ana ali pamzere ndi agalu awo pa zingwe. Koma oyenda m'makomowo akapeza geti yokhoma amadutsa, ndiye pamafunikabe wina woti akumbukire. Ndipo ana anu adziwe, galu aliyense akawaluma kapena kuwakanda atsuke pabalapo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa maminitsi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti amayi abwere ku naiti.

Mwina muziti tizingomumanga pa tcheni masana usiku nkumumasula, ambiri amatero. Ine zimandipweteka mtima. Dzuwa la October lino mthunzi umasuntha galu nkutsala pamtetete, mbale ya madzi waigubuduza ndi tcheni cha m'ma 9 koloko, munthu abwera 6 madzulo. Amauwa tsiku lonse mpaka aneba kudana nanu, ndipo galu wokulira pa tcheni amakhala wolusa mosasankha, tsiku limene tcheni idzaduke amene adzalumidwe ndi mwana wodutsa kapena mayi wogulitsa masamba, osati wakuba. Pamenepo ndi alamu amene adzaitanidwe kwa amfumu kapena kupolisi, kulipira chipatala, inu muli ku Joni.

Ulendo weniweniwo sitinaukambe nkomwe. Pamafunika chilolezo cha ku dipatimenti ya za ziweto kuno ndi mapepala a dokotala wa kumeneko, ndiye kamwana kagalu kadutse Beitbridge, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete kuja mpaka Mwanza kali mu bokosi kumbuyo kwa galimoto ya transipota, sindikuona bwino.

Maganizo anga ndi awa. Ndalama munasungira boerboel yo tiyambe takonzera fensi, kumbuyo kuja kumene njerwa zinagwa ndi pansi pa geti pamene galu angatulukire, timangenso kakhola ka mthunzi kokhala ndi simenti pansi kuti kazitsukika. Kenako tipeze galu wachikuda wamkulu kale, wa chaka chimodzi kapena ziwiri. A BSPCA, bungwe loteteza nyama ku Blantyre kuno, amakhala nawo ofuna pakhomo, ndipo ukapita umatha kufunsa khalidwe lake, ngati amagwirizana ndi ana, za katemera ndi zofula kapena kutseka. Agalu athuwa anthu amawaderera koma amapirira kutentha ndi matenda kuposa achizungu, amadya zimene tingakwanitse, ndipo kuuwa amauwa zenizeni, wakuba amathawa phokoso ndi magetsi a aneba akayaka. Kufula kapena kutseka musakusiye, wamkazi amatentha kawiri pachaka nkuitana agalu a dera lonse pa geti, pakatha masiku 63 muli ndi tiana tambiri tofuna kudya, wamwamuna wosafula naye amangodumpha mpanda nkubwera ndi mabala.

Ngakhale wamkuluyo amafunabe munthu. Ngati mnyamata amadzasesa uja angamabwere masana kudzasintha madzi ndi kumuyendetsa pang'ono, muonjezereni kangachepe pamwezi, ndipo mwana wanu wamkulu uja apatsidwe ntchito yodyetsa madzulo ikhale yake. Pa ndalama mumatumiza ija muikepo ya galu payokha mwezi ndi mwezi, ina izikhala padera ya tsiku lodwala, chifukwa galu amakhala zaka 10 kapena kuposa ndipo sibwino kuti alamu azichotsa ya ndiwo.

Koma musanapange chilichonse afunseni alamu eni ake ngati akumufuna galuyo, chifukwa wotola zonyansa m'mawa ndi wophika mphika uja adzakhala iwowo. Akavomera ndiuzeni, Loweruka lina ndidzawatenga ndi ana tikaone agalu limodzi, ndidzakujambulirani muone nawo. Amene anamanga khola langa nambala yake ndili nayo, ndimufunsa mtengo mawa ndikutumizirani pa WhatsApp.

Moni kwa anyamata onse kumeneko.

Ndine mnzanu uja wa ku Chilomoni.